KUTHA KWA WINDOWS 10: PHUNZIRO LIMENE LIYENERA KUYAMBIRA KU CHALIMBANA

Pa 14 October 2025 kampani ya Microsoft ya ku America inaleka kusamalira pulogalamu yace yochedwa Windows 10. Tsikulo linapita mwakacetecete. Makompyuta a m'masukulu, a m'maofesi a makhonsolo ndi a m'timasitolo tolemberamo makalata anayaka m'mawa mwace monga mwa masiku onse, ndipo nchito inagwirika. Komatu kuyambira tsiku limenelo kompyuta iriyonse ya Windows 10 imene mwini wace sanailembetsere cithandizo capadera iri ngati nkhokwe imene analeka kuimata: cimanga cirimo ndithu, koma mng'alu uliwonse watsopano ulibe woutseka.

Nkhaniyi ikhudza dziko lonse, koma ikhudza Chalimbana, m'boma la Chongwe, mwa njira yapadera. Pamalo amenewa, makilomita oposa 40 kum'mawa kwa Lusaka, pali Chalimbana University imene iphunzitsa aphunzitsi, ndiponso pali sukulu ya Chalimbana Local Government Training Institute imene iphunzitsa anchito a m'makhonsolo. Anthu a magulu awiriwa ndiwo amene amalandira makompyuta m'malo mwa anthu onse, kusaina mapepala ace, kuwasunga ndi kuphunzitsira ena. Ngati iwowa sadziwa kuti pulogalamu iri ndi tsiku lace lothera, palibenso wina kumudzi amene adzacenjeza sukulu kapena khonsolo.

MIYOYO IWIRI YA KOMPYUTA

Kompyuta iri ndi miyoyo iwiri. Woyamba ndi wa citsulo ceniceni, cimene cikhoza kukhala zaka khumi kapena kuposerapo ngati cisungidwa bwino, kutali ndi fumbi ndi cinyontho. Waciwiri ndi wa pulogalamu yaikulu imene iyendetsa makinawo. Pulogalamu imeneyi ndiyo imadzutsa kompyuta, kusunga makalata m'malo mwace, kulankhula ndi makina osindikizira ndi kutsegula njira ya ku intaneti. Zodziwika kwambiri ndi Windows ya Microsoft, macOS ya Apple ndi mitundu yosiyanasiyana ya Linux.

Pulogalamu yotere ndi yaikulu kwambiri kotero kuti siikhala yopanda zolakwa. Mwezi ndi mwezi mumapezeka ming'alu imene akuba a pa intaneti angaloweremo. Cifukwa ca ici Microsoft amatumiza zigamba zotsekera ming'aluyo pa Laciwiri laciwiri la mwezi uliwonse. Pamene kampani inena kuti cisamaliro catha, tanthauzo lace ndi lakuti zigambazo zaleka kubwera. Makinawo safa tsiku lomwelo. Amangokalamba opanda wowayang'anira, ndipo mng'alu umene wapezeka lero ukhala wotseguka kufikira tsiku limene kompyutayo idzataidwa.

Moyo woyamba uli m'manja mwa wosunga makinawo. Moyo waciwiri uli m'manja mwa kampani ya kutsidya kwa nyanja, imene iika tsikulo molingana ndi malonda ace, osati molingana ndi thumba la sukulu ya ku Chongwe.

NG'OMA INALIRA KALE

Akuluakulu amati cakudza siciimba ng'oma, koma ici cinaimba, ndipo cinaimba nthawi yaitali. Microsoft anali ndi cizolowezi cosamalira Windows aliyense zaka khumi: zisanu zoyamba zoonjezera zatsopano ndi kukonza zolakwa, zisanu zotsatira zongotumiza zigamba za citetezo. Windows XP anaturuka mu October 2001 ndipo anatha pa 8 April 2014, atapatsidwa nthawi yoonjezera cifukwa anthu anali kumukonda. Windows 7 anaturuka mu October 2009, natha pa 14 January 2020. Windows 8.1 anatha pa 10 January 2023. Windows 10 anaturuka pa 29 July 2015, ndipo m'caka comweco kampaniyo inali italemba kale tsiku la 14 October 2025. Cotero dziko lonse linapatsidwa cenjezo la zaka khumi.

Pa tsiku lomwelo la 14 October 2025 cisamaliro ca Office 2016 ndi Office 2019 cinathanso. Awa ndiwo mapulogalamu a Word ndi Excel amene ambiri alembera makalata ndi kuwerengetsera ndalama. Ofesi imene iri ndi Windows 10 pamodzi ndi Office 2016 inataya cisamaliro ca zonse ziwiri usiku umodzi.

Cinanso cimene cimatsatira ndi cakuti opanga mapulogalamu ena amayamba kucokako mmodzimmodzi. Windows 7 atatha mu 2020, Google anapitiriza kukonza Chrome wa makina amenewo kufikira kuciyambi kwa 2023, kenaka analeka. Kompyuta yotsalira imayamba kulephera kutsegula bwino masamba ena a pa intaneti, ndipo nchito zambiri za Boma, monga kulembetsa ana mayeso ndi kulipira msonkho, masiku ano zicitikira pa intaneti pomwepo.

KHOMO LOPAPATIZA LA WINDOWS 11

Kale kusintha Windows sikunali kobvuta kwenikweni, pakuti makina ambiri a Windows 7 anatha kulandira Windows 10, ndipo caka coyamba anaulandira kwaulere. Ulendo uno zinthu zasiyana. Windows 11, amene anaturuka pa 5 October 2021, afuna kuti kompyuta ikhale ndi kacipangizo ka citetezo kochedwa TPM 2.0, kamene kamasunga makiyi acinsinsi a makinawo. Afunanso purosesa yatsopanoko. Kwa makina a Intel, kawirikawiri ayenera kukhala a mbadwo wacisanu ndi citatu, umene unayamba kugulitsidwa cakumapeto kwa 2017, kapena a pambuyo pace. Motero makompyuta ambiri opangidwa caka ca 2018 cisanafike atsekeredwa kunja, ngakhale ali amphamvu ndithu pa nchito ya kalasi.

Mu December 2023 kampani yofufuza za malonda ya Canalys inayerekeza kuti makompyuta okwana 240 miliyoni pa dziko lonse angasanduke zinyalala cifukwa ca kusinthaku. Ciwerengero cimeneci ciyenera kudetsa nkhawa maiko amene amalandira makina ogwirapo kale nchito. Makampani a ku Ulaya ndi ku America akamacotsa makina amene sangalandire Windows 11, ambiri a makinawo amafuna msika wina, ndipo msikawo kawirikawiri ndi Africa. Kompyuta yotere ifika yowala, pa mtengo wokoma kapena ngati mphatso, koma moyo wace waciwiri unatha isanakwere combo.

Ngakhale iwo amene alowa pa khomo la Windows 11 sanapume. Microsoft amaturutsa mtundu watsopano wa Windows 11 caka ciriconse, ndipo mtundu uliwonse usamalidwa miyezi 24 pa makina a Home ndi Pro, kapena miyezi 36 pa makina a Enterprise ndi Education. Mwacitsanzo, mtundu wa 23H2 wa Home ndi Pro unatha pa 11 November 2025. Kusamukira ku mtundu wotsatira nkwaulere, koma kufuna intaneti yamphamvu ndi magetsi osazima kwa maola angapo. Amene akumbukira cirala ca 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku, adziwa kuti zinthu ziwirizi sizipezeka pamodzi nthawi zonse.

COOPSA CENICENI

Ena anganene kuti kompyuta ya sukulu ya kumudzi iribe cimene wakuba angafune. Maganizo amenewa ndi olakwika, popeza tizirombo tambiri ta makompyuta sitisankha nyumba. Timangoyendayenda kufunafuna khomo lotseguka. Pa 12 May 2017 kacirombo kochedwa WannaCry kanagwira makompyuta oposa 200,000 m'maiko oposa 150. Kanali kumanga makalata onse a m'kompyuta ndi kuitanitsa dipo. Ku England zipatala za Boma zinabweza odwala pafupifupi 19,000 amene anali ndi masiku oonana ndi madokotala. Zinthu zinafika poipa kotero kuti Microsoft anatumiza cigamba capadera ngakhale kwa Windows XP amene anali atatha zaka zitatu m'mbuyomo.

M'nkhani ya WannaCry muli phunziro laciwiri. Cigamba cotseka mng'alu umenewo cinali citaturuka kale mu March 2017, ndipo makina ambiri amene anagwidwa anali a Windows 7, amene pa nthawiyo anali kusamalidwabe. Eni ace sanaikemo cigambaco. Cisamaliro ca kampani ciribe phindu ngati pamalopo palibe munthu amene nchito yace ndi kuona kuti zigamba zalowa.

Zambia sali kutali ndi zoterezi. Mu May 2022 Bank of Zambia inalengeza kuti nchito zace zina za makompyuta zinasokonezedwa ndi aciwembu a pa intaneti. Ngati anthu otere ayesa nkhokwe ya cuma ca dziko, imene iri ndi akatswiri oilondera, sadzacita manyazi ndi ofesi ya khonsolo. Ndipo m'makina a khonsolo muli maina a eni maploti ndi olipira msonkho, pamene m'makina a sukulu muli zotsatira za mayeso ndi mbiri za ana. Lamulo la Data Protection Act la 2021 liika udindo woteteza mbiri za anthu pa iwo amene azisunga. Wosunga mbiri zotere m'kompyuta yosalandira zigamba adzabvutika kufotokoza kuti anacita mbali yace.

ZIMENE 2015 INAPHUNZITSA

Dziko lino linaonapo kale zimene zimacitika pamene colinga cabwino cithamanga kuposa zipangizo. Silabasi ya 2013 inabweretsa phunziro la makompyuta ku Giredi 8 ndi 9 kuyambira mu 2014. Pamene ana oyamba analemba mayeso a phunziroli cakumapeto kwa 2015, m'masukulu ambiri makompyuta anali ocepa ndipo magetsi anali kuzimazima, kotero kuti ana ena anadikira mpata wao kufikira usiku.

Kucokera nthawi imeneyo makina ambiri alowa m'masukulu. Bungwe la ZICTA lapereka makompyuta kupyolera m'thumba lace lofikitsa nchito za mauthenga kwa onse, ndipo mabungwe othandiza, monga Camara Education ya ku Ireland, abweretsa makina okonzedwanso. Thumba la citukuko la CDF, limene linakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsticuwense iriyonse mu 2022, ndi pa K36.1 miliyoni mu 2025, lapatsa anthu a kumadera mphamvu yosankha okha zogulira masukulu ao.

Funso la 2015 linali lakuti makompyuta alipo angati. Funso la tsopano ndi lakuti mwa amene alipowo, ndi angati amene akali kusamalidwa, ndipo kufikira liti. Kalasi la makompyuta 40 a Windows 7 limaoneka lodzaza pa cithunzi ndi m'lipoti, koma zigamba zace zinaleka kubwera mu January 2020.

NJIRA ZINAI

Sukulu kapena ofesi imene iri ndi makina a Windows 10 iri ndi njira zinai, ndipo iriyonse iri ndi mtengo wace.

Yoyamba ndi kusamukira ku Windows 11 pa makina amene akwanitsa zofunikira. Kwa amene ali ndi laisensi yeniyeni ya Windows 10 kusamukaku nkwaulere. Microsoft ali ndi kapulogalamu kochedwa PC Health Check kamene kamanena m'kamphindi ngati kompyuta ikwanitsa kapena iai. Makina ena ali naco kacipangizo ka TPM, koma kanangotsekedwa, ndipo wodziwa nchito akhoza kukatsegula popanda kugula kanthu.

Yaciwiri ndi kugula nthawi. Microsoft anakonza dongosolo lochedwa Extended Security Updates lopitiriza zigamba pa malipiro. Kwa munthu wamba anaika madola 30 pa caka cimodzi, cothera pa 13 October 2026, pamodzi ndi njira zina zolembetsera popanda ndalama. Kwa makampani ndi maofesi anaika madola 61 pa kompyuta imodzi caka coyamba, 122 caciwiri ndi 244 cacitatu, ndiye kuti madola 427 pa zaka zitatu, ndalama zimene zikhoza kugula kompyuta ina. Koma kwa masukulu mtengo wace ndi dola imodzi caka coyamba, awiri caciwiri ndi anai cacitatu: madola 7 okha kufikira October 2028. Pofunika kuti makinawo akhale ndi mtundu womaliza wa Windows 10, wochedwa 22H2, ndi laisensi yobvomerezeka. Apa ndi pamene Windows wokopera kwa mnzako amaonetsa kuipa kwace, pakuti alibe pepala lolembetsera.

Yacitatu ndi kusiya Windows ndi kuika Linux, amene ali waulere. Mtundu wodziwika kwambiri ndi Ubuntu, umene unayambitsidwa mu 2004 ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo dzina lace ndi liu lomwelo limene m'Cinyanja ndi umunthu. Kalendala yace njosabvuta kuisunga pamtima: mtundu wokhalitsa uturuka mu April zaka ziwiri zirizonse ndipo usamalidwa zaka zisanu, pamene mitundu ya pakati ikhala miyezi isanu ndi inai yokha. Ubuntu 24.04 asamalidwa kufikira 2029, cimodzimodzinso Linux Mint 22. Mapulogalamu amenewa saumiriza TPM ndipo amayenda pa makina amene Windows 11 anawakana. Camara anagwiritsapo nchito Linux m'makina ace a m'masukulu, cotero si cinthu cacilendo kotheratu. Bvuto lace ndi la cizolowezi. Aphunzitsi ambiri anaphunzira pa Word ndi Excel, ndipo LibreOffice, ngakhale acita nchito yomweyo, mabatani ace ali m'malo ena. Makina ena osindikizira ndi mapulogalamu ena a maakaunti amafuna Windows yekha. Ndalama zimene zapulumuka pa laisensi ziyenera kupita ku kuphunzitsa anthu.

Yacinai ndi kusunga makina akale kutali ndi intaneti, kuti ana aphunzirirepo kutaipa ndi kulemba makalata. Njirayi njololeka pa kalasi, malinga ngati asamala ndi mafulashi amene amanyamula tizirombo kucoka pa kompyuta ina kupita pa inzace. Siyoyenera pa ofesi yosunga ndalama kapena mbiri za anthu.

Kugula Apple sikuthetsa nkhaniyi. Apple amaturutsa macOS watsopano caka ciriconse ndipo mwa cizolowezi amatumiza zigamba ku mitundu itatu yomaliza yokha, osalengezeratu tsiku lothera monga acitira Microsoft. Pulogalamu iriyonse iri ndi mapeto ace, ndipo kusiyana kuli pa utali wa nthawi ndi pa kudziwitsa anthu.

NCHITO YA CHALIMBANA

Mbiri ya Chalimbana iyenerana ndi bvuto limeneli. Sukulu ya Jeanes inasamukira kumeneko kucoka ku Mazabuka mu 1939, ndipo nchito yace inali kukonza aphunzitsi oyendera, amene anali kuzungulira masukulu a m'midzi kuthandiza anzao ndi kuona kuti zinthu ziri m'malo. Mu 1970 malowa anakhala koleji ya NISTCOL, yoitana aphunzitsi amene ali kale pa nchito kuti adzaonjezere nzeru, ndipo mu 2013 anakwezedwa kukhala yunivesite. Kwa zaka zoposa 80 maziko a Chalimbana akhala amodzi: cimene munthu anaphunzira dzana cifuna kukonzedwanso lero. Makompyuta afuna mwambo womwewo.

Zimene zifunika kuphunzitsidwa si zakuya, ndipo sizifuna katswiri. Coyamba ndi kaundula. Buku la katundu wa sukulu limalemba kale nambala ya kompyuta ndi tsiku limene inafika. Liyenera kukhala ndi mizere ina itatu: dzina ndi mtundu wa pulogalamu imene irimo, tsiku limene cisamaliro cace citha, ndi yankho lakuti kodi makinawo angalandire pulogalamu yotsatira. Mphunzitsi wamkulu amene ali ndi buku lotere adziwa zaka ziwiri zisanakwane kuti afunika kupempha ciani.

Caciwiri ndi funso pa nthawi yogula. Komiti ya CDF kapena ofesala wogula zinthu wa khonsolo asafunse mtengo wokha. Afunse caka cimene purosesa inapangidwa, aone ngati TPM 2.0 irimo, ndipo alandire umboni wa laisensi. Zimenezi zilembedwe m'mapepala a tenda, kuti wogulitsa amene abweretsa makina otha nthawi abwezedwe ndi katundu wace. Safunsa anadya phula.

Cacitatu ndi ulemu wosaopa kufunsa pa mphatso. Kufunsa wopereka kuti makinawo ali ndi pulogalamu yanji, ndani adzawakonza, ndipo adzapita kuti akatha nchito, si mwano. Mabungwe oona mtima amayankha mafunsowa mokondwa. Makompyuta akufa ali ndi mtovu ndi zinthu zina zoononga nthaka ndi madzi, ndipo sayenera kuponyedwa m'dzenje la kuseri kwa kalasi. Bungwe la ZEMA ndilo liyang'anira katayidwe ka zinyalala zoopsa zotere.

Cacinai ndi kuphunzitsa nchito m'malo mwa dzina la kampani. Mwana amene alowa Fomu 1 pansi pa silabasi yatsopano imene inayamba mu 2025 adzaona mitundu ingapo ya mapulogalamu asanayambe nchito. Mphunzitsi amene anagwirapo Windows ndi Linux yemwe ali ku koleji sadzacita mantha pamene sukulu yace isintha, ndipo adzatha kupulumutsa makina amene ena akanawataya.

Pamwamba pa izi pali mbali ya Boma. Sukulu imodzi payokha iribe mphamvu pokambirana ndi kampani yaikulu, koma Unduna wa za Maphunziro, Unduna wa za Sayansi ndi Luso ndi Smart Zambia Institute akhoza kugula malaisensi pamodzi, kuika muyeso umodzi wa makina ololedwa kugulidwa ndi ndalama za anthu, ndi kutumiza kalendala ya masiku othera ku maofesi onse a maphunziro m'maboma caka ndi caka.

Masiku othera alembedwa kale: October 2026, October 2028 ndi caka ca 2029. Wophunzira amene ayamba maphunziro a uphunzitsi ku Chalimbana tsopano adzafika pa sukulu yace yoyamba masiku amenewa atakwana kapena ali pafupi. Akadzapatsidwa makiyi a cipinda ca makompyuta, cinthu coyamba cimene ayenera kudzafunsa ndi buku la kaundula.